Wakuba Migolo Yobooka

Sajeni anali pa tchuthi, ndipo tchuthicho chinkamukomera. Ankadzuka dzuwa litalowa kale m'chipinda, n'kukakhala pakhonde ndi kapu ya tiyi, miyendo atasanjika pa kampando, akuonerera nkhunda zake zikukankhana pa denga. Zaka zonse za upolisi zinamuphunzitsa kuti milandu siitha koma tchuthi chimatha, choncho analumbira kuti ngakhale munthu adutse pamaso pake atasenza chitseko cha eni, angomupatsa moni.

Lumbirolo silinakhalitse. Lachiwiri mkazi wake anabwera kuchokera kumsika ndi dengu lopanda kanthu, naima pakati pa iye ndi nkhunda zija, n'kumuuza kuti achimwene ake awalanda makiyi a lole.

Achimwenewo anali dalaivala wa lole ya zinyalala ya khonsolo, munthu amene tauni yonse inkamutchula kuti a Madando. Dzinalo sanalitole panjira. Kukatentha ankadandaula, kukazizira ankadandaula, ndipo pa ukwati wa mlongo wake yemwe anadandaula kuti mkwati wafupika. Mkwatiyo anali Sajeni, ndipo sanaiwale. Komabe ankamukonda mlamu wakeyo monga mmene munthu amakondera wailesi yakale yosokosa, imene ikangozima nyumba imaoneka ngati mwachitika zovuta.

Nkhani yake inali ya migolo. Chaka chathachi khonsolo inaika migolo yabuluu m'makona a misewu kuti anthu aziponyamo mabotolo apulasitiki ndi zitini, osaphatikiza ndi zinyalala zina. Anthu a ku shedi yosankhira zinyalala ankadzazitenga ndi mawilibala. Mgolo uliwonse anauboola pansi kuti madzi a mvula asadikhe, komanso kuti wina asaone ngati wapeza mosungira madzi ochapira. Zinayenda bwino mosayembekezeka. Lole imene kale inkadzaza ndi mabotolo opanda kanthu isanamalize n'komwe msewu wakumsika, n'kumangokhalira kuthamangira kumtaya, tsopano inkasesa misewu yonse dzuwa lisanapendeke.

Kenaka migolo ija inayamba kusowa, lero pakona iyi, sabata yamawa pakona ina, ndipo nthawi zonse masana. Aliyense anakumbukira kuti a Madando ankaitukwana poyera migoloyo kuti yawathera ntchito ya maola owonjezera. Choipa kwambiri, zinadziwika kuti lole ikamaliza misewu inkazimiririka, n'kukatulukira kumtaya dzuwa litapita. Atafunsidwa kumene ankapita, a Madando anatseka pakamwa. Abwana awo anawalanda makiyi n'kunena kuti ngati pofika Lachisanu sanena zomveka, ntchito yatha, ndipo penshoni imene inali itayamba kale kununkhira aiwale.

"Abambo, inu ndinu wapolisi," anatero mkazi wa Sajeni.

"Ndili pa tchuthi, mayi."

"Ndiye kuti nthawi muli nayo."

Sajeni anamaliza tiyi wake mosafulumira, pofuna kusonyeza kuti m'nyumbamo iyenso ali ndi mawu, kenaka anakavala nsapato.

* * *

Anawapeza alamu ake atakhala pakhomo akupolisha majombo a kuntchito omwe analibe kopita. Sajeni anayamba ndi nyambo. Anati kunja kwatentha, a Madando anati kuli bwino. Anati misewu yakumbika, a Madando anati imakonzeka. Akazi awo atabweretsa tiyi wosamveka shuga, anamwa osanena kanthu. Apa Sajeni anachita mantha enieni, chifukwa chiwadziwireni anali asanawaonepo akumeza chinthu osachipezera chifukwa.

"Alamu, masana mumapita kuti ndi lole ya khonsolo?"

"Ndimayendetsa."

"Kupita kuti?"

"Kutsogolo."

Sajeni anaseka pang'ono, n'kufunsa ngati anatenga migolo. A Madando anakweza dzanja lamanja lili ndi polishi yemwe, nanena kuti dzanja limenelo silinakhudzepo mgolo wabuluu chibwerereni migoloyo. Sajeni anawakhulupirira, poti mlamu wakeyo bodza linkamuvuta ngati kuyamikira.

"Nanga amene amatenga mukumudziwa?"

A Madando anawerama n'kuyambanso kupolisha jombo limene linali litawala kale.

* * *

Pakona pamene panasowa mgolo womaliza panatsala chizindikiro chozungulira padothi, udzu wake wofiirira. Mbali ina panali kanyumba kometera tsitsi, mbali inayo mayi wina wosoka ankagwira ntchito pakhonde la sitolo.

Wometa wa m'kanyumbamo anali munthu woti ukamufunsa nthawi amakuuza mbiri ya wotchi. Anamukhazika Sajeni pampando asanapemphe, namufunda nsalu, n'kuyamba kulongosola kuti iye amaona chilichonse kudzera pagalasi, kuti palibe ntchentche imadutsa pakonapo iye osaidziwa, kuti iye anamuuza kale zonse wapolisi wachinyamata amene anapatsidwa mlanduwo: lole inaima, mgolo unasowa, nkhani yatha. Sajeni anafunsa ngati anaona mgolo ukukwezedwa m'lole. Wometa anati sanaone ndi maso kwenikweni, koma mutu umagwira ntchito. Anafunsanso kuti lole imaima pakonapo masiku angati pa sabata. Wometa anavomera kuti imaima tsiku lililonse, kupatula Lamlungu. Sajeni anachoka pampandopo tsitsi lam'mbali litachepa, nzeru zili zomwe zija.

Mayi wosoka anali wa mtundu wina. Anali ndi mapini pakamwa, ndipo mawu ankawatulutsa ngati akugula.

"Lole inapita. Mgolo unatsala."

"Ndiye unachoka bwanji, mayi?"

"Wa ovolosi. Ndi wilibala."

Sajeni atafunsa za nkhope ya munthuyo, mayiyo anachotsa pini imodzi pakamwa n'kumufunsa ngati iye anayamba wayang'anapo nkhope ya munthu wotola zinyalala. Sajeni anafuna kutsutsa, koma anapeza kuti alibe nkhope ndi imodzi yomwe yoti aitchule. Mayiyo anati sanauze apolisi chifukwa palibe anamufunsa, ndiponso ankayesa kuti munthuyo ali pa ntchito yake, poti sanathamange, sanacheuke, ndipo asanachoke anasesa pamalopo.

"Anasesa?"

Mayiyo analoza ndi chibwano kuseri kwa makina ake. Panali thumba lomanga bwino pakamwa. Anati munthu uja analisiya atalitsamiritsa pa mzati wa magetsi, ndipo iye analilowetsa pakhonde poopa kuti ana angalimwaze.

Sajeni anamasula thumbalo. Munali mabotolo onse a mumgolo uja, koma panalibe ndi limodzi lomwe lokhala ndi chitsekerero. Lililonse linali lopotokola kuyambira kukhosi mpaka pansi, ngati nsalu yofinya. Pa ntchito yake yonse Sajeni anakumana ndi akuba ambiri, ndipo onse akafuna chotengera ankakhuthulira pansi zimene zili m'kati n'kuliyatsa liwiro. Wakuba wokhala pansi, kutsekula botolo lililonse, kulifinya kuti onse akwane m'thumba limodzi, n'kumanga, n'kusesa, anali asanakumanepo naye. Anatenga botolo limodzi n'kuliika m'thumba la jekete.

* * *

Mkulu wa zaukhondo kukhonsolo anali mayi wachitsikana, wowongoka ngati mzati, amene antchito ake ankamutcha Mayi Mapu chifukwa sankayenda opanda mapu a tauni m'chikwama. Sanali wankhanza, koma sankadziwa kuzungulira. Kumbuyo kwake pa msomali panalendewera makiyi a lole, ndipo Sajeni anawazindikira ndi kansapato ka mwana kamene a Madando anamangirirako.

Mayi Mapu anamvetsera za wilibala mpaka kumapeto. Kenaka anatambasula mapu ake patebulo n'kumuonetsa misewu imene anaipaka utoto wabuluu. Anati migoloyo anaimenyera nkhondo yekha pamaso pa akuluakulu omwe ankati n'kutaya nthawi. Botolo lopanda kanthu, anatero, silemera koma limadya malo, ndipo kwa zaka zambiri lole ya tauni yakhala ikuwotcha mafuta kunyamula mpweya kupita nawo kumtaya. Migolo ikapitiriza kusowa, akuluakulu aja adzati anthu sakuifuna, n'kuthetsa zonse.

Sajeni anaika chala pa mbali ina ya mapu, kuseri kwa mzere wa njanji, pamene pepala linali loyera. Mayi Mapu anati kumeneko anthu anangomanga okha, misewu yake siinalembedwe, ndipo lole siifikako.

"A Sajeni, mwina migolo sanabe ndi alamu anuwo," anatero akupinda mapu. "Koma munthu amene amasowa ndi lole ya khonsolo masana onse, n'kukana kundiuza kumene amapita, ine ndimusunge bwanji? Lachisanu likadali Lachisanu."

Sajeni anadziwa kuti akanakhala iye akananena zomwezo.

Potuluka anapeza phokoso pageti. Mayi wina wonenepa, mwana ali kumbuyo, anali atamupanikiza mlonda. Ankafuna kudziwa chifukwa chimene lole yasiyira kubwera kwawo, poti zinyalala zaunjikana ndipo mitambo yayamba kale kuda. Mlonda atamva kuti mayiyo amakhala kuseri kwa njanji, anaseka n'kumuuza kuti wasokera, kumeneko lole ya khonsolo siinapondeko chiyambire.

"Nanga imene imabwera masana aliwonse ija ndi ya agogo anu?" anatero mayiyo. "Ya bambo wodandaula uja, amene amati msewu wathu ngakhale mbuzi ingaukane?"

Mlonda anatseka geti. Sajeni anaima pomwepo, dzanja lili m'thumba la jekete, akusisita botolo lija.

* * *

Shedi yosankhira zinyalala inali kuseri kwa ofesi zomwezo, ndipo Sajeni anaimva asanaione. Munkamveka phwa, phwa, phwa, ngati anthu akuvina gule wopanda ng'oma. M'katimo munali milu ya makatoni, zitini ndi mabotolo, ndipo osankha anaima m'mizere atavala maovolosi. Manja awo ankagwira ntchito okha eni ake akucheza za ena. Botolo likafika m'manja, chitsekerero chinkagwera m'beseni, botolo pansi, chidendene pamwamba pake, kenaka m'thumba lili phwatalala.

Mtsogoleri wawo, mayi wa mawu aakulu, anamulandira Sajeni ndi nthabwala kuti apolisi abwera kudzaphunzira ntchito yeniyeni. Anamufotokozera kuti botolo lotseka siliphwanyika chifukwa mpweya umakana, ndiponso zitsekerero amagula padera. Anati munthu akagwira ntchitoyi chaka chimodzi manja amazolowera moti iye kuphwando la mwana wake anapezeka watsekula mabotolo onse a alendo asanamalize kumwa. Onse anaseka, Sajeni nayenso anaseka, kenaka anatulutsa botolo lake lopotokola n'kuliika pa sikelo.

Kuponda kuja kunasiya, kuyambira amene anali pafupi mpaka wa kumapeto.

"Ife timaponda," anatero mtsogoleri uja, maso ali kudenga.

Sajeni sanafunsenso. Anayenda pang'onopang'ono pakati pa milu mpaka pakona ina pamene panali kampando kopanda munthu. Pambali pake panali thumba losatseka, ndipo mabotolo onse m'menemo anali ofinya ngati nsalu.

Mtsogoleri uja anapumira m'mwamba n'kunena kuti kampandoko n'ka a Likhweru. Kale ankakweza zinyalala pa lole ya a Madando, ndipo ndiwo ankaimba likhweru kumbuyo kudziwitsa dalaivala kuti anyamuke. Tsiku lina lole inanyamuka likhweru lisanalire, iwo phazi limodzi lili pa chitsulo chopondera. Bondo silinabwererenso m'malo mwake. Anawasamutsira kushedi, ndipo popeza sangathe kuponda, mabotolo amawafinya ndi manja atakhala pansi. Wilibala amaiyendetsa bwinobwino chifukwa imawagwirira ntchito ya ndodo.

"Amakhala kuti?"

Mayiyo anayang'ana anzake, anzakewo anayang'ana mabeseni awo.

"Kuseri kwa njanji," anatero motsitsa mawu, koyamba chifikireni Sajeni.

* * *

Kuseri kwa njanji nyumba zinamangidwa pa chitunda, mothithikana, ndipo pakati pake panatsika ngalande yaikulu. Sajeni ankayembekeza fungo ndi matope, koma anapeza ngalande yoyera moti pansi pake simenti inkaoneka. Pa kamlatho kalikonse kowolokera panaima mgolo wabuluu. Palibe amene anayesa kuibisa kapena kuipaka utoto wina. Kamtsikana kena kanadutsa pafupi naye, n'kuponya botolo mumgolo osayang'ana n'komwe, ngati chinthu chimene chakhala chikuchitika chibadwire.

Kumunsi kwenikweni, pamene ngalande inkalowa mu paipi yodutsa pansi pa njanji, panali kanyumba kokhala ndi mzere wakuda pakhoma, wofika m'chiuno mwa munthu. Pakhomo panakhala bambo wa imvi, mwendo umodzi atautambasula, akufinya mabotolo. Ataona Sajeni sanadzidzimuke. Anangogudubuza mgolo wabuluu umene unali pafupi, nauvundikira pansi kuti mlendo akhalepo.

A Likhweru ankayankhula modekha, manja osaleka ntchito. Anati mzere wa pakhomawo ndi pamene madzi anafika dzinja lathali. Chaka chilichonse mabotolo a chitunda chonse ankatsikira m'ngalande n'kudzatseka pakamwa pa paipi, madzi n'kubwerera m'nyumba za kumunsi. Akazi awo anagona pa tebulo mpaka madzi ataphwa, ndipo chifuwa chimene anatenga nthawi imeneyo sichinathebe. Migolo itabwera m'tauni anakapempha kuti kwawonso aikeko, koma kalaliki anawauza kuti malo amene sali pa mapu sangalandire katundu wa khonsolo. Ndiye anayamba kutenga, koma m'makona okhawo amene mgolo wina unali pafupi. Mabotolo a mumgolo ankawasiya m'thumba kuti anzawo a mawilibala adzatole podutsa.

"Mukanangowakhuthulira pansi, akulu, ine sindikanafika pano," anatero Sajeni.

"Ndinayesapo kamodzi. Ndinayenda pang'ono, n'kubwerera kukatola. Manja anakana."

Za lole anati iwo sanapemphe. Tsiku lina a Madando anangotulukira, akutukwana msewu, n'kunena kuti popeza migolo yawasandutsa lova la masana, bola azidzataya nthawiyo kuno. Kuyambira pamenepo mabotolo ankapita mumigolo, zinyalala zotsala m'lole, ndipo ngalande inayamba kupuma.

Sajeni anafunsa ngati akudziwa kuti mnzawoyo Lachisanu ntchito imuthera. Apa manja a a Likhweru anaima. Anati akudziwa, ndipo anapita kwawo kukawauza kuti akadziulula okha, koma a Madando anawabweza ndi ukali.

"Anati, 'Bondo ndinakulanda kale. Kampando kako ka kushedi sindikulandanso.' Ine ndinawauza kuti za bondo zija ndinaiwala kalekale, koma iwo ndi amene amatsimphina nazo mpaka lero."

Sajeni anamva chisoni, komanso manyazi pang'ono, chifukwa kwa zaka zonsezi ankamuyesa mlamu wake ng'oma yongosokosa. Anayang'ana kumwamba, mitambo inali itasonkhana kuseri kwa chitunda.

"Mundimanga, bwana?"

"Ndili pa tchuthi," anatero Sajeni. "Koma mawa musapite kutali."

* * *

Mawa lake masana Sajeni anafika kuseri kwa njanji ndi Mayi Mapu, amene anavomera kuyenda naye atamuuza kuti migolo yapezeka ndipo abwere ndi mapu ake. A Madando anabwera pambuyo, mlongo wawo atawagwira mkono ngati mwana wokana sukulu. Anthu a m'deralo anatuluka n'kuima m'mbali mwa ngalande, mayi wa pageti uja ali patsogolo. Sajeni, amene phuma linali litamuthera ndi chitunda, anakhala pa mgolo wovundikira uja pakamwa pa paipi.

Mayi Mapu anayenda ngalande yonse kuchokera kumtunda mpaka kumunsi. Anasuzumira mumgolo uliwonse. Anaima pa mulu wa zinyalala umene unaunjikana kuyambira pamene a Madando analandidwa makiyi, nayang'ananso mzere wakuda wa pakhoma. Atatembenuka, nkhope yake inali yosaseka.

A Likhweru anafotokoza zonse okha, ataimirira, ngakhale anawauza kuti akhale. A Madando anayesa kuwadula mawu, koma mlongo wawo anawatsina.

Mayi Mapu anati kuba n'kuba, ngakhale wakubayo asese pambuyo pake. Anati anthu awiriwa anatsala pang'ono kugwetsa ntchito yonse ya migolo, ndipo ikanagwa, kuno kukanakhala koyamba kumira. Migolo ibwerera m'makona ake ndi wilibala yomweyo, masana, anthu akuona. Onse awiri alandira chenjezo lolembedwa. Kudepoti ya khonsolo kuli madiramu akale a mafuta amene akungochita dzimbiri, ndipo a Likhweru awatsuka, awaboola ndi kuwapaka utoto okha, pa nthawi yawo yopuma, kuti alowe m'malo mwa migoloyi.

A Likhweru anawerama mutu, koma Sajeni anaona kuti akubisa kumwetulira. A Madando okha ndi amene anaimabe ngati munthu wodikira chigamulo, poti za makiyi zinali zisanatchulidwe.

"A dalaivala," anatero Mayi Mapu, "dera lonseli mumalimaliza nthawi yaitali bwanji?"

A Madando anayankha motsitsa kuti masana amodzi amakwana, bola mabotolo akhale padera. Akasakanikirana, lole ingadzaze isanafike ndi pakati pomwe.

"Ndi lole yomweyo, osawonjezera ina?"

"Yomweyo, abwana."

Mayi Mapu anaganiza kanthawi. Sajeni, amene anazolowera kuwerenga nkhope za anthu, anaona kuti mayiyo wayamba kale kukonza zokawauza akuluakulu aja: kuti migolo imene ankati n'kutaya nthawi yapatsa tauni dera lathunthu popanda kugula ngakhale tayala. Anatambasula mapu pa wilibala ya a Likhweru, natenga cholembera, n'kujambula mzere wokhotakhota pamalo oyera aja, kutsata ngalande.

Kenaka anafunsa ngati migolo yonse ndi imene aiona. A Likhweru anatsegula pakamwa n'kuyang'ana kumene kunakhala Sajeni. Sajeni anayamba kudzisisita bondo, nanena kuti chitunda ichi si cha munthu wa msinkhu wake, ndipo sakuona kuti angadzuke msanga. Mayi Mapu anayang'ana Sajeni, anayang'ana utoto wabuluu umene unkaonekera pakati pa miyendo yake, nayang'ananso pakamwa pa paipi pamene madontho oyamba a mvula anali atayamba kugwera.

"Pumulani, a Sajeni," anatero. "Mudzadzuke madiramu akauma utoto."

Anapisa dzanja m'chikwama. Makiyi anali momwemo, ndi kansapato ka mwana kaja, kusonyeza kuti anawachotsa pa msomali asananyamuke n'komwe. Anawapereka kwa a Madando n'kuloza mulu wa zinyalala uja, nanena kuti usagone pamenepo.

A Madando analandira makiyi ndi manja awiri. Anawayang'ana nthawi yaitali, moti mlongo wawo anayamba kupukuta maso ndi nsonga ya mpango. Aliyense ankadikira mawu othokoza. A Madando anakweza mutu, nayang'ana msewu wotsika chitunda uja umene mvula inali itayamba kuunyowetsa.

"Ndiye mwaulemba pa mapu msewu umenewu osaukonza?" anatero. "Lole ikathyoka masipuling'i mudzati ndine. Komanso mwandipatsa makiyi mvula itayamba, dzuwa lonse lija munali kuti?"

A Likhweru anaika zala pakamwa n'kuimba likhweru lalitali, lakale lija, ndipo a Madando anauyamba wa kudepoti akung'ung'udza, mapewa ali m'mwamba. Mkazi wa Sajeni anadzaima pafupi ndi mwamuna wake, namufunditsa mpango wake kumutu.

"Achira," anatero.

Sajeni anavomera ndi mutu. Anakhalabe pa mgolo paja, mvula ikumunyowetsa mawondo, akumvetsera madzi akulowa mu paipi popanda chowatsekereza.